Nkhwali Alibe Manja

Padangokhala, muli nane? Njovu adaitana nyama zoti zizimulangiza kasamalidwe ka nkhalango ya onse. Nkhwali adafika msanga, mtima uli pa mazira ake mu udzu.

Nyani, wapampando, adati, "Wofuna kulankhula ayambe waomba m'manja. Ndiwo mwambo."

Nkhwali adakupiza mapiko. "Zikomo bambo, musatenthe tchire mwezi uno, ndikufungatira mazira."

Nyani adati, "Mayi, uko n'kukupiza, si kuomba. Khalani pansi."

Amene adalankhula adali anyani okhaokha, ndipo adagwirizana zotentha tchire poti ankafuna ziwala zopsa. Moto utafika pachisa, Nkhwali adathamanga pamakala kuti apulumutse mazira, koma adapeza phulusa.

Mpaka lero miyendo yake njofiira, ndipo m'mawa uliwonse amakupiza mapiko m'tchire, kupemphabe mwayi wolankhula.