Matumba 400 a Nandolo

Lenia, akawuntanti wa kampani yogula mbewu pa Chiringa, anawonkhetsa kachitatu koma nambala sinasinthe: mosungira katundu munatsala matumba 400 a nandolo. Abanki amene anakongoza kampaniyo ankadziwa za matumba 900, ndipo Lachisanu ankabwera kudzaona mabuku.

Abwana ake, a Davison Mulepa, sankafuna kumva nkhani yoipa. Ankati kampani yawo sidwala, ndipo wolankhula za kuluza ndiye mfiti yake. Anzake awiri a Lenia anachotsedwa pa mpando womwewo chifukwa cholemba zomwe anaona. Iye anali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo ntchito ina m'Phalombe monse munalibe.

Masana abwanawo analowa osagogoda, nawerenga lipoti lopita kubanki limene Lenia ankalemba, ali chiimire. Anamuuza kuti alembe 900, poti alimi abweretsa nandolo wina posachedwa, ndipo bodza la sabata imodzi si bodza. Atatuluka, Lenia anangoti maso tong'o pa kompyuta. Akalemba 900, wosaina pansi pake ndi iyeyo, ndipo kundende adzapita yekha. Akalemba 400, pofika Loweruka katundu wake adzakhala ali pa kabaza.

Anasankha 400. Anasaina, natumiza lipotilo kubanki abwana asanalionenso. Kenaka anayamba kulongedza kapu yake ndi zithunzi za ana. Za fizi sanadziwe kuti adzatani, komabe kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anapuma momasuka, poti zomwe anasainira zinali zoona.

Ali mkati molongedza, pakhomo panaima a Goodman, bambo wachikulire wosunga makiyi a mosungira katundu, amene ankamupatsa chiwerengero cha matumba mwezi ndi mwezi. Anali atamva kuti abanki adzawerenga okha thumba lililonse. Chipewa chinali m'manja, maso ali pansi. Lenia anawalimbitsa mtima kuti asade nkhawa, walemba 400 yomwe iwo anamupatsa, osawonjezerapo ngakhale thumba limodzi.

A Goodman anakhala pa mpando osauzidwa.

"Mayi, 400 ija ndinangolemba," anatero motsitsa mawu. "Muli matumba 60 okha. Abwana aja inenso ndimawaopa."