Chingerezi Ichi Wawaphunzitsa Ndani?

Loko wa chitseko atangoyamba kukhoma bwino, amuna anga anapukuta manja pathalauzi n'kunena kuti, "Piece of cake!" Kenaka anadzigogoda pamphuno kawiri ndi chala.

Simbi inaima pa malaya amene ndinkasita.

Amuna angawa ndi kalipentala. Chikwatiranireni, Chingerezi chawo chimathera pa moni.

"Mwati chiyani, bambo a mwana?"

"Ndi mwambi wa azungu. Amanena ntchito yosavuta, yongomeza ngati keke."

"Oo! Nanga wina mukuudziwa?"

"Spill the beans. Kutaya nyemba, ndiye kuti kuulula chinsinsi." Anaseka modzitama.

Ine sindinaseke. Munthu wodzigogoda pamphuno akamanena za kekeyo ndimadziwa mmodzi yekha: mng'ono wanga, mphunzitsi wa Chingerezi. Dzulo lomweli, popanda womufunsa, anandilumbirira kuti alamu ake sanawaonepo chiyambireni chaka chino.

"Mayi a mwana, malaya anga akupsa!"

Utsi unkafuka pakolala ine ndikuona, koma simbi sindinaichotse.

"Asiyeni apse," ndinatero. "Khomani chitseko mwakonzacho, mukhale apa. Lero nyemba zimenezo muzitaya zonse."