Buku la Elikem

Mayi Ahiable analowa m'kalasi osagogoda, anakoka mpando kumbuyo n'kukhala pansi, cholembera chili m'manja. Bambo Agbenyo anamva choko chikuterera m'zala zawo chifukwa cha thukuta.

Aliyense pasekondale ya ku Hohoe ija ankadziwa tanthauzo la mpando umenewo. Mphunzitsi amene ntchito yake sinakhazikike akaona mphunzitsi wamkuluyu atakhala kumbuyo, ankadziwa kuti mawa lake adzakhala ali m'kalasi kapena ali pabasi ndi katundu wake.

Vuto linali lakuti buku limene ankaphunzitsa, nthano yakale yotchuka ya kumaiko ozizira, Bambo Agbenyo anali asanaliwerenge. Lawo linali kunyumba, likuchirikiza mwendo wa bedi umene unadyedwa ndi chiswe. Ankangodziwa zimene zinalembedwa pachikuto chakumbuyo, zoti m'bukumo muli mnyamata wodwala maganizo. Chiyambire teremu ankangozungulira pamenepo. Anaphunzitsapo za chithunzi cha pachikuto, za mtundu wa chikutocho, ngakhalenso za ubwino wosamala mabuku.

Maso awo anayendayenda m'kalasimo mpaka anaima pa Elikem, ndipo mtima unakhala m'malo.

Elikem anali mnyamata wamtali, wowonda, wokhala pakona pafupi ndi zenera. Sankayankhula ndi munthu. Koma buku lija silinkachoka kumaso kwake, kaya ndi m'holo yodyera, pansi pa mtengo wa mango, ngakhale kubwalo pamene sukulu yonse inkachemerera mpira. Anzake ankamutcha Pulofesa. Ngati panali munthu wolidziwa bukulo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, anali iyeyu.

"Lero ine sindiyankhula zambiri," anatero Bambo Agbenyo, diso limodzi lili kumbuyo. "Mphunzitsi wabwino amapereka mpata kwa ana. Elikem, tauza anzako za mnyamata wodwala maganizo uja. Chikumuvuta n'chiyani?"

Elikem anaimirira pang'onopang'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Zonse, Sala?"

"Zonse. Usabise kanthu."

"Pulofesa ali ndi pakamwa, anthu inu," ananong'oneza mtsikana wina kutsogolo, ndipo kalasi inaseka.

Kuseka sikunakhalitse. Elikem anayamba ndi mawu otsika, akuyang'ana desiki. Anati mnyamatayo sagona. Anzake akamaliza nkonono, iye amangoyang'ana denga mpaka kucha. M'mawa thupi lake limalemera ngati thumba la simenti lonyowa, ndipo kumanga zingwe za nsapato kumakhala ntchito yaikulu. Anthu akamaseka, amawamva ngati ali kutali, ngati mutu wake uli m'ndowa.

Bambo Agbenyo analemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: KUSOWA TULO. Anadula mzere kunsi kwake kawiri. "Monga ndinakuuzani sabata yatha," anatero, ngakhale sanauze munthu aliyense.

Elikem anapitiriza. Anati mnyamatayo amabisala kuseri kwa thanki ya madzi kuti alire, koma nthawi zina misozi imakana. Malume ake amati ndi ulesi chabe. Anamukweza panjinga yamoto kupita naye kumapemphero, ndipo atabwerako anamufunsa ngati wachira. Iye anati wachira, chifukwa malumewo anali atawononga mafuta. Chakudya chilichonse chimamveka ngati utuchi m'kamwa mwake, ngakhale gari, ufa wachinangwa wokazinga wothira shuga, amene ankamukonda kale.

Apa Bambo Agbenyo anadodoma pang'ono. Gari, kudziko kumene anthu amavala zipewa zaubweya? Koma anapeza chonena msanga.

"Mwaona? Akuibweretsa nkhaniyi kwathu kuno kuti tonse tiimve. Ndi mmene ndimawaphunzitsira, Madamu."

Anasuzumira kumbuyo. Mayi Ahiable anali atasiya kulemba. Dzanja lawo linali pakamwa, maso ali pa Elikem osaphethira. Bambo Agbenyo anayamba kuganiza za bedi latsopano, lamiyendo inayi yathunthu.

"Nanga zimatha bwanji?" anafunsa mokoma, pofunanso kudziwa okha.

"Sindikudziwa, Sala. Sizinathe."

"Ndi zoona. Wolembayo anasiya dala osamaliza, kuti ife tiganize. Muwombereni m'manja mnzanu."

Anawomba ndi ochepa okha. Mtsikana uja sanawombe, ankangokanda desiki ndi chikhadabo.

Belu litalira, ana anatuluka mwakachetechete. Mayi Ahiable anauza Elikem kuti atsale, n'kuyenda kubwera kutsogolo. Bambo Agbenyo anawongola tayi, n'kukonzekera kunena kuti ulemu wonse upite kwa ana.

"Bambo Agbenyo," anatero mayiwo motsitsa mawu, "buku limeneli ndinayamba kuliphunzitsa inu musanamere ndevu. Mukaliwerenge lero, mawa tikambirana za ntchito yanu. Mulibemo malume, mulibemo thanki, mulibemo gari."

Anatenga buku padesiki ya Elikem n'kuyesa kulitsegula. Masamba ambiri anali omatana, monga anachokera kosindikiza. Linkatseguka malo amodzi okha, pakati penipeni, pomwe zala ziwiri zinasiya zidindo zakuda. Analitseka, n'kuika dzanja paphewa la mnyamatayo, n'kumuuza kuti apite limodzi akaone anesi.

"Ndimangobisako nkhope, Madamu, kuti anthu asandiyankhulitse," anatero Elikem. Kenaka anatembenukira kwa Bambo Agbenyo, amene tayi inali idakali m'manja. "Zikomo, Sala. Munafunsa za mnyamata wodwala maganizo. Ine ndimadziwa mmodzi yekha, ndipo palibe anali atandifunsapo za iye."