Ndewu M'kabati ya Mbale

Zakaria anapendeketsa kapulasitiki, ndipo beta yofiira, nsomba yandewu yomwe anagula ku Machipisa, inalowa m'thanki yagalasi momwe munali tinsomba ta mkazi wake.

"Bambo a Denzel, ikangondiphera tinsomba tanga, mugona panja!" anatero mkazi wake Iris, atagwira sefa ya tiyi kuti aivuule.

Beta inatambasula zipsepse zonse n'kuliyatsa liwiro kulunjika pa tinsomba tija. Iris anakuwa. Koma iyo inangotidutsa n'kukaima kumapeto, itafufuma ndi ukali.

Thankiyo inkakhala m'kabati ya mbale za alendo, ya kalilole kumbuyo.

"Taonani, mayi!" Zakaria analumpha akuwomba m'manja. "Ikulimbana ndi nkhope yake yomwe!"

Iris anaseka mpaka sefa inagwa pansi.

"Maiwe! Ndiye mwatibweretsera m'bale wanu."