Nyumba Yobwereka ya ku Area 10

Panali munthu wina dzina lake Gladson, wosamalira maluwa pa nyumba ya bwana Farouk ku Area 10. Iye ndi mkazi wake Ursula ankakhala kuboyizi, kachipinda kamodzi kuseli kwa nyumbayo, akulera Thoko, mwana wa malemu mlongo wake wa Gladson. Anamutenga ali ndi zaka ziwiri, ndipo tsopano anali Sitandade 4. Bambo ake a mwanayo anasowera ku Joni kalekale.

Tsiku lina abale a bambowo anatumiza uthenga: "Tikubwera kudzatenga mwana wathu, azikatilerera makanda kumudzi. Sukulu yakwana." Anthu anamuuza Gladson kuti athamangire kukhoti la ana, akatenge chikalata chomupatsa mphamvu zolera mwanayo.

Panja pa khoti anakumana ndi Clive, dobadoba wa suti yonyezimira koma wopanda ofesi, n'kumufotokozera nkhani yonse.

"Chipinda chimodzi, akulu? Mwaluza kale. A boma amabwera kudzaona pakhomo. Bwana wanu ali kuti?"

"Apita ku Makka, mwezi wathunthu."

"Makiyi?"

"Ali ndi ine."

"Ndiye mukulira chiyani? Nyumba muli nayo."

Gladson analumbira papepala kuti ali ndi nyumba ya zipinda zisanu. Atafika nalo kwa mkazi wake, Ursula anabisa manja m'chitenje.

"Abambo, langa dzanja silisayina zimenezo. Kaoneni a khoti, muwauze zoona. Umphawi si mlandu."

"Iwe za malamulo ukuzidziwira kuti?" anatero Gladson.

Lachinayi kunabwera Mayi Chitemwa a ku ofesi yoona za ana. Galimoto itangoliza hutala, Gladson, atavala jekete ya bwana, anathamanga kukatsegula geti, n'kumenya sawasha. Miyendo yokha inamutengera kukhomo la kukhitchini, mlendo ali pambuyo. Pakhomopo anavula nsapato. Pabalaza mayiwo anakhala pasofa, mwini nyumba n'kunjuta pansi pafupi ndi chitseko.

"Bambo, simukhala pampando m'nyumba mwanu?"

"Msana, mayi. Adokotala analetsa."

Mayiwo anayang'ana zithunzi za banja la a Farouk zimene zinali pakhoma. "Nanga awa?"

"Achibale. Akutali ndithu."

Mayi Chitemwa sanaseke. Anaitana Thoko. "Mwanawe, tandionetsa pamene umagona."

Thoko anayang'ana amalume ake, kenako anati: "Amalume anati ndinene kuti umu. Koma tiyeni."

Anawagwira dzanja mpaka kuboyizi, kumene Ursula anali kuchapa pakhomo. M'kachipindamo munali bedi limodzi lokha, la neti, ndipo linali la Thoko. Akuluakuluwo ankagona pamphasa kuseli kwa nsalu. Yunifomu yosita inali pamsomali. Pakona panali kadesiki kamene Gladson anakhoma ndi matabwa a kireti ya matimati. Buku la kusikelo linali lokulungidwa m'pepala la shuga, katemera aliyense wodindidwa, osaphonya ngakhale mmodzi. Kumutu kwa bedi kunali chithunzi cha mayi ake, chopanda ndi fumbi lomwe.

Mayi Chitemwa anaziona zonsezi chimodzichimodzi. Kenako anakhala pamphasa paja n'kulemba masamba atatu.

"Bambo, ndalowa nyumba zambiri mu Lilongwe muno. Nyumba ndi iyi. Mukanangondibweretsa kuno."

Tsiku la mlandu, amajisitireti anayamba ndi abale aja. Anawafunsa kalasi ya mwanayo, wina anati Sitandade 2, wina anati 6. Kenako anawerenga masamba atatu aja mokweza. Ngakhale kalaliki anasiya kulemba. Gladson anasuzumira pawindo kufuna Clive. Clive anali atasungunuka ngati mchere m'madzi.

"A Gladson, munalumbira kuti muli ndi zipinda zisanu. Zinayi zapita kuti?"

"Ndinachita mantha, bwana. Ndinkaopa kuti mundilanda mwana."

"Khoti silifunsa kukula kwa nyumba. Limafunsa pamene mwana akupeza mtendere. Koma munthu wonama atalumbira, ndingamudalire bwanji? Mukudziwa kuti umenewo ndi mlandu pawokha?"

M'maganizo mwake Gladson anaona Thoko akukwera minibasi ya kumudzi, iye akukwera galimoto ya apolisi.

Amajisitireti anatembenuza pepala lolumbira lija, n'kuloza malo amene panalibe siginecha. "Apa panayenera kusayina ndani?"

Ursula anaimirira. "Ine, bwana. Ndinakana."

"Chifukwa?"

"Mwana ameneyu ndimamuphunzitsa kuti asamaname. Ndikanamuyang'ana bwanji?"

Amajisitireti anavula magalasi, n'kumuyang'ana mayiyo ngati akuona chinthu chimene sanachionepo chiyambire ntchito.

"Mwana sachoka pakhomo pamene ali. Chikalata chilembedwe m'dzina la Mayi Ursula okha. A Gladson, pitani ndi chenjezo, ndipo muziwathokoza awa m'mawa uliwonse."

Mpaka lero, kusukulu kukabwera fomu yofuna womulera, Gladson, malume weniweni wamagazi, amainyamula ndi manja awiri kupita nayo kwa mkazi wake: "Amayi, tasayinani apa." Ndipo Ursula amayamba waiwerenga yonse, mzere ndi mzere, iye ataima.

Phunziro: Ngati mukulera mwana wa m'bale wanu, pitani nokha kukhoti, mukanene zoona, ndipo madobadoba muwadutse ngati simukuwaona. Kachipinda kamene mukuchita nako manyazi mwina ndiye mboni yanu yaikulu. Nyumba mutha kubwereka, koma miyendo yanu idzakutengeranibe kukhomo lakuseli. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene akulera ana amasiye opanda chikalata.