Ng'ona Inali Kutali

Mzinga anali atadzipinda m'kachisakasa ka bango, diso pa kamera, thukuta lili kamukamu. Dzinali anam'patsa ndi ojambula anzake chifukwa cha lensi ya kamera yake, chimphona chonga mzinga wankhondo, chotalika kuposa mkono, chosatha kuima popanda miyendo itatu yachitsulo. Tsidya la dziwe, pamtengo wouma, mwana wa nkhwazi ankadikira make. Nthenga zinali zitakwana. Mawa kapena mkuja akanauluka, ndipo chithunzi chimene Mzinga anachisaka chilimwe chonse, cha nkhwazi ikudyetsa mwana, chikanauluka naye limodzi.

Lensiyo inali ndi nkhanza zake. Akalunjika diso la kamwanako, disolo linkaoneka ngwee, koma timitengo ta chisa tomwe tinali kumbuyo pang'ono chabe tinkangoti mbuu. Mkazi wake ankaidziwa bwino. Tsiku lina Mzinga anamujambula nayo pakhonde, mphuno n'kutuluka bwinobwino, makutu n'kusungunuka, ndipo nkhani imeneyo sinathebe m'nyumba mwawo.

Komabe mkaziyo ndiye ankamuperekeza. Nkhwazi siwerenga: anthu awiri akalowa m'chisakasa, mmodzi n'kutulukamo ikuona, imayesa kuti onse apita. Choncho ntchito yake inali kulowa ndi mwamuna wake, kutuluka poyera, n'kukakhala pachipika kumapeto kwa dziwe mpaka ataona nsalu yoyera ikukupizidwa. Lamulo linali limodzi: ngakhale kutsokomola ayi.

Make mwana wa nkhwazi atachedwa, Mzinga anatembenuza lensi kuti aone ngati mkazi wake akadali bwino. Anamupeza atafulatira madzi, akuthothola chisoso pa siketi, ndolo ikuphethira padzuwa. Pafupi ndi phewa lake panali chipika chachiwiri chimene m'mawa panalibe. Chipikacho chinali ndi maso.

Inali ng'ona. Ng'onayo inali itatulutsa mutu ndi miyendo yakutsogolo pamatope, kukamwa kuli yasa. Mzinga anakoka mpweya kuti akuwe, ndipo nthawi yomweyo kumwamba kunamveka kulira kwa nkhwazi.

Anatseka pakamwa. Kukuwa kamodzi kokha, mbalameyo ikanabwerera komwe inachokera. Apo anakumbukira za chaka chatha, pamene anakuwa mpaka kusasa mawu ataona mu lensi mvuu itatsamira bwato la msodzi wina. Msodziyo anacheuka, n'kupeza mvuu ili kutali koti ngakhale mwala sungafike. Anzake a Mzinga anamuseka mpaka misozi. Wojambula ndani sadziwa kuti lensi yayitali imaunjika zinthu? Phiri lakutali imalikhazika padenga la nyumba, mwezi n'kuupachika panthambi. Ng'onayo iyenera kuti inali pamchenga wa tsidya lina, ikuothera dzuwa, yosadziwa n'komwe kuti kuli munthu.

Munthu akafunitsitsa chinthu, nzeru sizichedwa kum'pezera chifukwa. Mzinga anadina batani kamodzi, n'kujambula mkaziyo ndi ng'onayo kuti adzasekere kunyumba, n'kubweza lensi kuchisa.

Nkhwazi inatera ndi nsomba ikuphiriphitha m'zikhadabo. Mapiko tambasu, mutu woyera utawerama, kamwana katayasamula mpaka kummero. Chala cha Mzinga sichinapume. Kuwala kunali kwabwino, mphepo itadeka, zonse monga ankazilotera. Koma chimwemwe sichinafike. Diso linalo, limene amatsinzina pojambula, linkafuna kutseguka lokha.

Mbalameyo itangouluka, anatembenuza lensi mwaphuma mpaka miyendo yachitsulo inagwedera. Chipika chinalipo. Mkazi wake panalibe. Ng'ona panalibenso. Pamadzi pankayenda timafunde tozungulira, tikukula pang'onopang'ono.

Mzinga anasesa gombe lonse ndi lensi, uku ndi uku, osapeza ngakhale nsapato. Mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manthawo panali manyazi.

Kumbuyo kwake bango linati tswaa.

“Pepani bambo, nsalu yoyera sindinaidikire,” anatero mkazi wake akusuzumira pakhomo, uku akudzikanda akakolo. “Linthumbu linandilowa m'miyendo, ndinachita kudumpha. Kodi ndakuonongerani?”

Mzinga anamukumbatira mwamphamvu mpaka mkaziyo anadandaula nthiti. Kenako anayamba kuseka, kuseka kosaleka, misozi ili chuchuchu. Nanga si ankadziwa? Munthu wodziwa ntchito yake sapusitsidwa kawiri. Anamuonetsa nkhwazi ija pa sikirini ya kamera, chithunzi ndi chithunzi, mkaziyo akuwomba m'manja mwakachetechete monga anazolowera.

“Tsono mayi, taonani bodza la lensi,” anatero Mzinga akubwerera pa chithunzi choyamba chija. “Wosadziwa atha kulumbira kuti chilombochi chimakununkhizani. Chikhalirecho chinali tsidya lina.”

Mkaziyo analandira kamera. Anakulitsa chithunzicho, n'kuchikulitsanso. Sanaseke.

“Ndolo yangayi ikuoneka ngwee,” anatero motsitsa mawu.

“Ndiye ubwino wake wa lensi imeneyi!”

“Nawonso mano a ng'onayi akuoneka ngwee, bambo.” Anamubwezera kamera ija osamuyang'ana kumaso. “Paja pakhonde paja, mphuno yanga ndi makutu anga omwe lensiyi inalephera kuzigwira pamodzi; tsono ikanagwira bwanji ndolo yanga pamodzi ndi ng'ona ya tsidya lina?”