Jakisoni pa Lalanje

Wiem anaika lalanje ndi jakisoni patebulo. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti amalize maphunziro a unamwino ku Nabeul, m'dziko la Tunisia. Kalata yomulemba ntchito ku Jeremani inali m'thumba mwake, koma anali asanauze munthu.

"Amayi, tabwerani ndikuphunzitseni kubaya bambo jakisoni wa shuga. Tiyesere pa lalanjeli."

Mayi ake anapukuta m'manja, anagogoda jakisoniyo ndi chala kuti mpweya utuluke, n'kubaya lalanjelo mwaluso.

"Mwaphunzira kuti zimenezi?"

"Ndinayamba tsiku lomwe unabwera ndi buku la Chijeremani. Iwe umayesa malalanje onse aja amathera m'kamwa?"

Wiem anagwira thumba lomwe munali kalata ija.

Mayi ake anapenyetsetsa lalanjelo, osadzutsa mutu.

"Ndege yako ndi ya liti, mwanawe?"